Mpata Wokana Nkhadze

Amalume anali ndi magalasi akuda a mwendo umodzi. Mbali inayo anamangirako kachingwe kofiira kamene anasolola pa thumba la ufa, ndipo akawavala ankaoneka ngati chiwala chachikulu. Anawagula ali othyoka kale pamsika wa pa Chiponde, tsiku limene tinkawoloka malire kubwerera kwathu nkhondo itatha. Amayi anawaseka njira yonse mpaka ku Mandimba. Ankati munthu wopanda nsapato n'kumagula maso a anthu a m'tauni, zimenezi sanazionepo. Amalume, amene anali mchimwene wawo wamkulu, ankangomwetulira. Iwo anali atatsogolako kale kumudzi kukaona ngati njira ili bwino, ndiye ankadziwa chimene chinkatidikira. Magalasi amenewo anagulira nkhadze.

Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Kwathu ku Ngauma ndinachokako ndili kumsana, choncho mudzi wathu ndinkaudziwa ndi makutu okha. Zaka zonse zimene tinakhala kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi, amayi akayamba kukamba za kwathu sankayambira pa nyumba kapena pa munda. Ankayambira pa mpanda. Ankati pakhomo pathu panazunguliridwa ndi nkhadze yofika m'chifuwa, yometedwa mosalala ngati mutu wa mwana wopita kutchalitchi, moti odutsa pamsewu ankaima n'kufunsa kuti pamenepa pakukhala ndani. Ine ndinkaganiza kuti tikupita kunyumba ya bwana.

Tinapeza nkhalango. Nyumba inali itagwa kalekale, pamalo pake patatsala mulu wa dothi womera udzu. Nkhokwe panalibe ndi chizindikiro chomwe. Koma nkhadze, poti inalibe woimeta, inali itasanduka mitengo yaitali kuposa denga, tinthambi take tobiriwira topanda masamba titapiringizana m'mwamba, chitedze chitayangamo. Ndinakhumudwa, sindibisa. Amayi anatula katundu pansi n'kuyenda kuzungulira mpanda wonse, ndipo atabwerera pamene tinaima anangoti, "Tafika." Mabanja ena m'mudzimo anatha miyezi akukangana za malire, wina akuloza mtengo wa mango, wina akuloza mwala. Ife sitinakangane ndi munthu, chifukwa mpanda unali utatisungira malo.

Anaudzala ndi abambo. Iwo anali mkamwini wochokera cha ku Mitande, ndipo mpanda umenewu ndiyo ntchito imene anayamba nayo pamudzi pa apongozi awo, kuti anthu aone kuti mwana wawo wakwatiwa ndi munthu wa manja. Anasiya mipata iwiri: waukulu wa kumaso, woloza kumsewu, ndi waung'ono wa kuseri, wolowera m'kanjira ka kumtsinje. Pa mpata wa kuseriwo ndi pamene amuna a mfuti anawatulutsira m'mawa wina, atawasenzetsa thumba la chimanga chathu chomwe. Amayi anaona msana wawo ukulowa m'kanjira kaja. Tsiku lomwelo anandibereka n'kutulukira pa mpata wa kumaso. Kuyambira pamenepo panalibe amene anabwera ndi uthenga wa abambo, wabwino kapena woipa. Nkhani imeneyi ndinkaidziwa monga ndinkadziwira dzina langa, koma sinkandipweteka, chifukwa nkhope yawo sindinkaikumbukira.

Miyezi ya chisanu inathera pa nyumba: kudula mitengo, kumata dothi, kumweta udzu wofolerera. Tsiku lililonse ndinkafunsa kuti mpanda tiumeta liti, chifukwa ndinkauopa. Mphepo ikawomba unkalira, ndipo pabwalo panali mthunzi wozizira mpaka masana. Amayi ankati nthawi yake sinakwane. Nkhadze saidula chisanu chili pakati, komanso saidikira mpaka dzuwa litakwiya. Amaidula pamene m'mawa mwayamba kufewa, mango achita maluwa, ndipo mitengo ya kuthengo yayamba kutulutsa timasamba tofiira mvula isanagwe n'dontho lomwe. Ikadulidwa nthawi imeneyo imaphukira limodzi ndi mitengo inzake.

M'mawa wina amayi anatuluka wopanda nsalu ya pamapewa, anayang'ana kuphiri kumene kunali kutafiirira, n'kunena kuti, "Lero." Amalume anavala magalasi awo, anakulunga nsanza m'manja, n'kunola katana, chimene ku Malawi tinkati chikwanje. Amayi anadula ndodo yofika m'chifuwa mwawo kuti ikhale muyezo. Iwo ankaimika ndodoyo pambali pa mtengo, amalume n'kutema pomwepo, mopendeketsa, kuti madzi a mvula asadzakhazikike pabala. Kunkamveka kuti khapu, kenaka nthambi yaikulu inkagwa mwaulesi, ndipo pabalapo pankatuluka utomoni woyera ngati mkaka, ukudonthera pa udzu wouma. Fungo lake linkakanda kummero. Ntchito yanga inali kukoka nthambi nditazigwira ndi kapulana yakutha, nsalu imene ku Malawi tinkati chitenje, ndiponso kupalira udzu ndi zinyalala m'munsi mwa mpanda kuti moto wa kuthengo ukadzabwera usapeze poyambira. Chitedze chinkatigwera m'khosi, ndipo madzulo tonse atatu tinkakhala pakhonde titadzipaka phulusa, tikukanda ndi kusekana.

Anandiuza kakhumi kuti ndisagwire m'maso. Pa tsiku lachiwiri thukuta linandilowa m'diso, ndipo ndinapukuta ndi kuseri kwa dzanja. Ndabereka ana anayi, koma moto wa nkhadze m'diso ndimauwerengerabe pamodzi ndi zowawa zimenezo. Ndinakuwa mpaka nkhuku za anansi zinathawira kuthengo. Amayi anandinyamula n'kuthamanga nane kwa mayi wina wachiyao wa kutsidya kwa msewu, amene anali ndi khanda. Iye sanafunse zambiri. Anandigoneka pamiyendo pake, ananditsegula chikope ndi zala, n'kufinyira mkaka wa m'bere lake m'diso langa. Lero mwana wanga ndikanamutsuka ndi madzi ambiri n'kuthamangira naye kuchipatala, koma nthawi imeneyo mankhwala amene tinkawadziwa anali amenewo. Diso linatupa masiku atatu, n'kuchira. Amalume anati poti ndayamwa ndi diso, khanda lija ndi mlongo wanga tsopano, ndizikalisambitsa.

Masiku amenewo ndimawakumbukira ndi mtima wokoma. Mpanda utatsika, dzuwa linalowa pabwalo, ndipo tinayamba kuona msewu. Anthu a njinga opita ku Mandimba ankaliza belu n'kutipatsa moni, wina m'Chinyanja, wina m'Chiyao, wina m'Chipwitikizi chimene ine ndinali ndisanaphunzire. Amayi anayamba kuimba nyimbo za kutchalitchi chapansipansi akamagwira ntchito, chinthu chimene kumsasa sindinawamvepo akuchita. Mkulu wina anatsika panjinga, anayang'ana mzere wowongoka wa mpandawo, n'kunena kuti, "Eni pakhomo abwera." Amayi anayankha ulemu wake n'kupitiriza kuyeza, koma ndinaona kuti mawu amenewo anawalowa bwino.

Nthambi zowongoka amayi ankazidula kutalika ngati mkono n'kuziyala pamthunzi wa nyumba. Mpanda unali ndi malo angapo amene moto unadya zaka zimene kunalibe anthu, ndipo timitengo timeneti tinali totsekera pamenepo. Ine ndinkafuna tidzale tsiku lomwelo. "Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero amayi. "Bala liyambe lauma." Tinakhala sabata yathunthu, mpaka kumapeto kwa kamtengo kalikonse kunachita nkhanambo. Kenaka tinakumba kangalande kosaya m'dothi louma, tinaimikamo timitengo tija mothinana, n'kupondaponda dothi ndi zidendene. Nditanyamuka kuti ndikatenge madzi, amayi anandigwira mkono. "Nkhadze sifuna chifundo. Ukaithirira isanatulutse mizu imawola. Isiye ndi ludzu lake, idzafuna yokha madzi pansi." Ndinaona ngati n'kuuma mtima, koma timitengo tija sitinafote. Tinangoima nji, padzuwa, tili tobiriwira.

Malo onse anatsekedwa kupatula mpata wa kuseri. Uwu moto unali utaukuza, moti anthu awiri akanadutsapo moyandikana. Amayi anameta mbali zake ziwiri mosamala kuposa pena paliponse, anasesa kanjira kake, koma sanaikepo kamtengo n'kamodzi komwe.

Pafupi ndi mpatawo, pamene madzi a kubafa ankayenderera, amayi anali ndi kamzere ka mbewu ya mbatata. Anainyamula kuchokera ku Malawi itakulungidwa m'chiguduli chonyowa, ndipo m'mudzi monse munalibe ina. Mvula ikagwa, kamzere kameneko ndiko kankayenera kudzaza munda wathu. Koma chilimwe mbuzi zimamasulidwa, ndipo chinthu chobiriwira zimachimva zili kutali. Pa mpata wa kumaso amalume anaikapo chitseko cha mitengo. Pa wa kuseri anaunjikapo minga, koma m'mawa uliwonse inkapezeka itakokeredwa pambali. Amayi ankati ikuwabaya popita kumtsinje. Tsiku lina tikubwera kutchalitchi tinapeza mbuzi zitatu za anansi zili m'kati, zikutafuna mosafulumira ngati zaitanidwa. Theka la mbewu linali litapita.

Amalume anathamangitsa mbuzizo, ndipo atabwerera anakhala pachitsa n'kuvula chipewa. "Achemwali, mpata uwu utsekedwe. Kumtsinje tizizungulira kumaso, si kutali. Mbewu ikatha tidzadzala chiyani?"

"Ndiziyang'anira ndekha, achimwene."

"Muziyang'anira bwanji muli kososa kumunda? Fodya wako ndi amene ali pamphuno, achemwali. Wapachala ndi wa mphepo."

Amayi anawerama n'kuyamba kukwirira timizu timene mbuzi zinafukula. "Kumtunda kuja mwamuna wina wabwera mwezi wathawu," anatero osadzutsa mutu. "Atasowa zaka zisanu ndi zitatu. Wayenda wapansi kuchokera kutali kumtsinje wa Lúrio."

Zinali zoona. Munthuyo ndinamuona ndi maso anga, wowonda, atanyamula kamtolo pamutu, ana akumulondola m'mbuyo. Chaka chimenecho anthu ankabweradi mmodzimmodzi, ena amene maliro awo analiridwa kale.

"Alamu anga akabwera adzalowera kumaso ngati munthu aliyense," anatero amalume mofatsa. "Mpanda anadzala okha. Sangasochere."

Kukana mawu a mchimwene wawo, mwini mbumba, amayi sakanatha, ndipo mbewu yodyedwa ija inali pomwepo ikuwachitira umboni amalume. "Chabwino," anatero pomaliza. "Koma ndidzala ndekha."

Anadzaladi okha, ndipo anatsata zonse zimene anandiphunzitsa: timitengo touma bala, kangalande kosaya, chidendene pamwamba. Podikira kuti tigwire, ntchito yolondera mbuzi inagwera ine. Anzanga ankasewera fulaye pamsewu, ine ndili pamwala pafupi ndi bafa ndi kandodo m'manja, dzuwa likundiwamba. Panalibe munthu m'mudzi monse amene ankafuna kuti mpata uja utsekeke msanga kuposa ine.

M'mawa mwake, ndikupita kukasukusula, ndinapeza amayi atawerama pa mpata paja, mtsuko uli m'manja, akuthira madzi m'munsi mwa timitengo tija pang'onopang'ono, kamodzikamodzi.

"Amayi, paja munati nkhadze sifuna chifundo?"

Anadzidzimuka pang'ono. "Dothi la pano ndi lina," anatero. "Ndi louma kwambiri. Pita ukasukusule."

Ndinakhulupirira. Mwana wa zaka zisanu ndi zinayi amene mayi ake anamuwolotsa malire kawiri alibe chifukwa chowakayikira pa nkhani ya dothi. Ndipo poti ndinkafuna kumasuka pa ntchito ya mbuzi, ndinaganiza kuti ngati madzi a m'mawa akuthandiza, a masana athandiza kwambiri. Amayi akapita kumunda ndinkathamangira kumtsinje ndi chitini, n'kudzakhuthula pamenepo mpaka dothi lichite thovu. Sindinauze munthu. Ndinkafuna adzadabwe okha poona mmene zagwirira.

Pasanathe masabata awiri timitengo tija tinayamba chikasu. M'munsi munafewa n'kuda, ndipo ukayandikira unkamva fungo ngati la chinangwa chimene chakhalitsa m'madzi. Amalume anakanda m'mutu n'kunena kuti ndi chiswe. Anawaza phulusa m'kangalande, anadula nthambi zina, tinadikira sabata ina kuti mabala aume, amayi n'kudzalanso. Iwo anapitiriza ndi mtsuko wawo wa m'mawa, ine ndi chitini changa cha masana. Mpanda wonse nthawi imeneyo unali utayamba kuphukira. Pa bala lililonse limene amalume anatema panatuluka tinthambi tanthete, tofewa, tobiriwira mowala, tambirimbiri, moti kuyang'ana kuchokera kumsewu unkati wina wayala nsalu yatsopano pamwamba. Nyenje zinali zitayamba kulira kuthengo. Pa mpata wa kuseri pokha m'pamene panali kuwola kachiwiri.

Linali Loweruka masana. Amayi ankapeta chimanga pakhonde, ine ndili pamwala wanga uja. Amalume ananjuta pa mpatapo, anazula kamtengo kamodzi n'kukafinya, ndipo madzi akuda anatsikira pa chala chawo. Anapisa chala m'dothi, chinalowa ngati m'phala, pamene pena paliponse nthaka inali youma ngati mwala.

"Achemwali," anatero moseka pang'ono, "kodi ntchito mwaiwala ku Malawi? Mpanda wonse wagwira, pano pokha pakana. Pali kasupe pansi pano?"

Mtima unandiyaka. Ndinadumpha pamwala paja. "Amalume, musawanene amayi. Iwo amathirira m'mawa uliwonse, sanadumphepo tsiku n'limodzi lomwe. Inenso ndimawonjezera masana."

Ndinaima ndikudikira kuti andiyamikire. Lichero linasiya kulira. Amayi anayang'ana pansi, kenaka anakweza mpendero wa kapulana yawo n'kutseka pakamwa. Amalume anakhala chinjutire, kamtengo kowola kali m'manja, akuyang'ana mlongo wawo. Sanakalipe, sanafunse kanthu. Ndaona anthu ambiri akukangana pa zinthu zazing'ono kuposa zimenezi, ndipo ndikaganiza za kudekha kwa munthu ameneyu tsiku limenelo ndimamulemekeza mpaka lero. Anataya kamtengo kaja kunja kwa mpanda, anapukuta chala pa kabudula, n'kundigwira pamutu. "Wagwira ntchito, mwanawe," anatero. Kenaka anatenga katana n'kutsika m'kanjira ka kumtsinje.

Anabwera atasenza nsungwi. Anazula timitengo towola tonse, anakwirira kangalande kaja, n'kuzika nsanamira ziwiri m'mbali mwa mpata. Lolemba lonse anakhala pamthunzi akung'amba nsungwi ndi kuluka chitseko, chothinana m'munsi kuti ngakhale kamwana ka mbuzi kasalowetse mutu. Anachimangirira kunsanamira ndi zidutswa za tayala lakutha la njinga. Pomaliza anakhoma chikhomo n'kupota chingwe chokolekera pamenepo. Chikhomocho anachikhoma kunja, mbali ya kumtsinje.

Ndine ndinayamba kuona cholakwikacho. Munthu wamkulu ali m'kati ankatha kupisa mkono pamwamba n'kumasula, koma ine, ngakhale nditanyang'ama ndi zala za kumapazi, sindinkafikira. "Amalume, mwalakwitsa," ndinatero. "Chingwe chimakhala m'kati. Cha kumaso chija chili m'kati. Apa aliyense wochokera kuthengo angotsegula n'kulowa."

"Mbuzi ilibe zala," anatero amalume akutolera zidutswa za nsungwi pansi. "Chili bwino momwemo."

Amayi anali ataima pakhonde akuonerera. Anatulukira pa mpata wa kumaso, anazungulira mpanda wonse kunja, n'kutsika pang'ono m'kanjira ka kumtsinje. Kenaka anatembenuka n'kukwera ngati munthu amene akuchokera kutali. Atafika pachitseko anakweza chingwe chija ndi chala chimodzi, ndipo chinatseguka chosalira. Analowa, anatseka, n'kuima pamenepo kanthawi dzanja lili pansungwi. "Zikomo, achimwene," anatero. Madzulo amenewo anaimba nthawi yonse imene ankatsuka mbale.

Mbuzi sizinalowenso, ndipo ine ndinabwerera ku fulaye. Mbewu ya mbatata inaphukiranso, inayanga mpaka kufika pabafa, ndipo mvula itagwa tinadzala mizere yathu n'kugawirako mayi wachiyao uja ndi mabanja ena awiri. Chaka chimenecho ndimachiwerengera pa zaka zokoma za moyo wanga. Chilimwe chilichonse pambuyo pake, mitengo ya kuphiri ikafiira, tinkameta mpanda, ndipo amalume ankasintha nsungwi zofumbwa ndi kupota chingwe chatsopano. Chikhomo sanachisunthe. Abambo sanabwere, chaka chimenecho kapena china.

Panopa ndimakhala ku Cuamba, ndili ndi kampanda kanga, ndipo ndaperekeza maliro okwanira kuti ndidziwe kumene kwinanso anthu a kwathu amadzala nkhadze. Amaidzala pamanda. Amayi akanailola kugwira pamalo pamene anaonera msana wa mwamuna wawo komaliza, akanakhala kuti amuika m'manda ndi manja awo, asanamve kuti wafa. Koma nthawi imeneyo zonsezi zinali kutali ndi mutu wanga. Chimene ndinkadziwa n'chakuti popita kumtsinje ndinkayenera kuzungulira kumaso ndi mtsuko wanga, dzuwa likuswa mtengo, chifukwa cha chingwe chimene sindinkafikira. Ndinkadandaula kwa anzanga kuti amalume anga amadziwa kumeta mpanda koma chitseko chinawakanika. Ndinali ndisanazindikire kuti chitsekocho sanapangire ife amene tinali kale m'kati.